Masabata atatu ku Lusaka: ndinyamule chiyani, ndipo nkhomaliro ndizidyera kuti?

Amake Tiyamike, Kapata

Moni nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene ena angaione yaing'ono, koma ine yandisowetsa tulo masiku awiri. Kuntchito andisankha kuti ndikachite maphunziro a masabata atatu ku Lusaka, ndipo ndinyamuka Lamlungu likudzali. Ndikafikira kwa mng'ono wanga amene amakhala ku Mtendere ndi mwamuna wake ndi ana atatu m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, pamene maphunzirowo azichitikira pakati pa tauni kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Izi zikutanthauza kuti kadzutsa ndi mgonero ndizidya pakhomo pa mng'ono wanga, koma nkhomaliro ndiyenera kudzionera ndekha.

Chibadwire sindinadyepo kunja kwa nyumba masiku oposa awiri otsatizana. Pakhomo panga timadya nsima ya chimanga cha m'munda mwathu, ndipo ndiwo zambiri ndimathyola m'dimba kapena kugula kwa amayi a pamsika wa Kapata kuno ku Chipata amene ndimawadziwa nkhope. Ulendo wanga womaliza wa ku Lusaka ndinalowa m'kalesitilanti kena ka m'mbali mwa msewu, ndipo anandipatsa nsima yozizira ndi kachiwalo ka nkhuku kamene kanali katatenthetsedwa kangapo, pa mtengo umene kuno ndikanagulira ndiwo za banja lonse. Usiku umenewo sindinagone chifukwa cha m'mimba. Ndiye ndikupempha amene mumayenda msewu umenewu kawirikawiri, ndi amene mumakhala kumeneko, mundiuze zoyenera kunyamula kuchokera kuno, kumene munthu angadye masana osadwala, komanso mmene ndingakhalire kwa mng'ono wanga osamulemetsa.

aNaBanda, Katete

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa usananyamuke. Choyamba kulongedza ndi ufa, zovala zibwere pambuyo. Anthu a m'tauni amadya ufa wogula, umene amautcha bulekifasi, ndipo ngakhale ndi woyera bwino m'maso, ife amene tinazolowera wathu timamva njala nthawi isanakwane. Ufa woyera wa kwathu uli ndi ntchito yake: ukonole chimanga, upete kuchotsa gaga, uviike mphale m'madzi masiku atatu kapena anayi, uvuule, uyanike, kenako upite nayo kuchigayo, ndipo ukabwerako uyanikenso ufawo pamphasa kufikira utauma gwa. Ukafupikitsa kuyanika komalizaku, ufa umafika ku Lusaka utayamba kununkha m'thumba chifukwa cha kutentha kwa m'basi. Masiku atsala ndi okwanira ngati uyamba lero.

Unyamulenso nsinjiro, ndipo usinje wekha mtedza wosankha bwino, wopanda chuku. Ngati uli ndi nsawa za Chalimbana, zija zazikulu, ndiye zabwino koposa potendera. Zikwatu za mfutso ziwiri kapena zitatu sizilemera konse, koma zidzapulumutsa mng'ono wako masiku amene ndalama ya ndiwo yathawa, pakuti mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya ukauviika m'madzi ofunda, n'kuuphika ndi matimati ndi nsinjiro, banja lonse limadya n'kukhuta.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame sakhala masabata atatu. Munthu wokhala nthawi yotere pakhomo pa mnzake ndi wa pabanjapo, ndipo ayenera kufika ndi chakudya m'manja.

Bambo Tembo, Down Shops

Amayi aNaBanda anena zoona, koma ndiwonjezere za msewu, popeza ine ndimapita ku Kamwala, ku Lusaka komweko, kukatenga katundu pafupifupi mwezi uliwonse. Kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo ngakhale basi itanyamuka mbandakucha, mudzafika dzuwa litapendeka. Mukadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, msewu umayamba kutsetsereka m'mapiri kulowera ku Luangwa, ndipo mwezi uno wa Novembala kuchigwa kumeneko kumatentha kotero kuti chakudya chilichonse chamsuzi chimene mwachitsekera m'kontena m'mawa chimakhala chitasasa pofika pa mlatho wa Luangwa. Ndaona anthu ambiri akutsegula mpunga wa nyama pamenepo n'kuutaya. Kamba wa ulendo umenewu akhale wouma: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, mazira owiritsa amene mudzadye musanafike ku Petauke, ndi botolo lalikulu la madzi a kunyumba. Nthochi musavutike kunyamula, mudzagula pa Nyimba, pamene amayi amazibweretsa pazenera penipeni.

Pa za ufa ndisiyana pang'ono ndi amayi athu. Thumba la makilogalamu 25 amalilipiritsa padera pa basi, ndipo mukatsika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity mudzafunikanso wokunyamulirani ndi galimoto yokufikitsani ku Mtendere, kotero kuti ndalama imene mumati mwapulumutsa idzathera m'njira. Makilogalamu 10 amalowa m'chikwama chachikulu ndipo mungathe kuwanyamula nokha.

Za nkhomaliro, musaope malesitilanti onse chifukwa cha kamodzi kaja. Ine ndadya m'misika ya ku Lusaka zaka zambiri ndipo njira yanga ndi imodzi. Ndimayang'ana pamene pali mzere wa anthu ogwira ntchito pafupi, monga madalaivala ndi amayi ogulitsa pamsika, chifukwa amenewo amabwerera malo amodzi tsiku ndi tsiku ndipo sangapirire wophika wauve. Ndimafika pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko, pamene nsima ikuomoledwa kumene, ndipo ndimapempha kuona miphika ndisanakhale pansi. Wophika wodzidalira amavundukula yekha musanamalize kupempha. Amene akuzengereza, mutsanzikeni mwaulemu.

Amake Tiyamike, Kapata

Zikomo kwambiri amayi aNaBanda ndi inu abambo Tembo. Mphale ndaviika kale madzulo ano. Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi mvula imene yayamba, chifukwa chaka chilichonse timamva pa wailesi za kolera ku Lusaka nyengo ngati ino. Kodi kuyang'ana miphika kokha n'kokwanira?

Mayi Zulu, namwino wopuma pantchito, Kalongwezi

Achemwali, funso lanu ndi loyenera, ndipo ndiliyankha monga munthu amene anasamalirapo odwala matendawa ndi manja ake. Kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2017 inakula kotero kuti pofika mu Januwale 2018 boma linali litaletsa malonda a m'misewu ndi kutumiza asilikali kukayeretsa tauni. Ina inayamba mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale 2024 bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ogonekamo odwala, masukulu nawo anachedwa kutsegulidwa. Sindikunena izi kuti muchite mantha, koma kuti mudziwe kuti nkhawa yanu ili ndi maziko. Kachilombo kake kamayenda m'madzi ndi m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo mvula ikasefukira m'makomboni amene zimbudzi zokumba zili pafupi ndi zitsime zosazama, madzi akumwa amaipitsidwa mosavuta.

Nsima yotentha ndi ndiwo zochoka pamoto nthawi yomweyo si zimene zimadwalitsa anthu kawirikawiri, chifukwa moto umapha tizilombo. Choopsa chili pa zinthu zozungulira mbaleyo. Beseni limodzi losambiramo m'manja anthu khumi limafalitsa tizilombo, choncho muziumirira kuti akuthirireni madzi kuchokera m'jagi kapena pampopi, ndipo muzikhala ndi kasopo kanu m'chikwama. Kabichi wosaphika amene amaika pambali pa tchipisi mumusiye, chimodzimodzi zipatso zosendedwa kale, madzi oundana a m'timapepala, ndi munkoyo kapena thobwa la m'mabotolo otoleza limene simukudziwa madzi ake. Mango ayamba kupsa, ndipo ndi abwino, koma mutsuke ndi kusenda nokha. Madzi akumwa kunyumba muziwiritsa kapena kuthiramo klorini potsatira muyezo wolembedwa pa botolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe.

Ngati mutatsegula m'mimba mwamadzi kwambiri, musadikire kuti kuche. Yambani kumwa madzi a moyo nthawi yomweyo, ndipo ngati mulibe a m'paketi, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimwa muli pa ulendo wopita kuchipatala. Matendawa amapha chifukwa chotha madzi m'thupi, ndipo amatha kutero tsiku lisanathe.

Amake Dalitso, Kaunda Square, Lusaka

Ine kwathu ndi ku Chadiza koma ndakhala kuno zaka 14, ndipo alendo ochokera kumudzi ndalandira ambiri, choncho ndilankhula monga mwini khomo. Mng'ono wanu sadzakuuzani zimene ndikuuzenizi, chifukwa ndinu mkulu wake ndipo adzachita manyazi.

Kuno chilichonse cholowa mumphika n'chogula, kuyambira moto weniweniwo. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatsitsa madzi ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, magetsi n'kumazima nthawi yaitali tsiku lililonse, ndipo mabanja ambiri amene ankaphikira pa sitovu anabwerera ku mbaula. Makala anakwera mtengo. Mabanja ochuluka m'makomboni sagula thumba lathunthu la ufa, amagula timapaketi ting'onoting'ono timene timatchedwa pamela, tokwanira mphika umodzi kapena iwiri, ndipo mafuta ophikira, amene tonse timangoti saladi, amagulanso oyezera m'timabotolo. Mlendo mmodzi akawonjezeka, mayi wa pakhomo amayamba kuwerengera usiku, ngakhale masana akumwetulira.

Ndiye ufa wanuwo mukafika nawo, muupereke wonse m'manja mwa mng'ono wanu pamaso pa mwamuna wake, ndipo musadzaufunsenso. Ndikunena izi chifukwa ndinalandirapo mlendo wina amene anabwera ndi ufa wake woyera n'kuusunga pansi pa bedi, ndipo madzulo aliwonse ankapempha kuti ndimuphikire nsima yakeyake chifukwa yathu yogula sinkamukomera. Ana anga ankayang'ana mbale ziwiri zosiyana pamphasa imodzi. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ngati ufa wogula sukukhutitsani, njira yabwino ndi kusakaniza wanu ndi wawo m'chidebe chimodzi kuti aliyense alawe za kumudzi.

China n'chakuti musalande khitchini. Ndinu mkulu, ndipo mwina mumaphika bwino kuposa iye, koma mthiko wa pakhomo paja ndi wake. Mupemphe kuti akupatseni Loweruka kapena Lamlungu kuti muphikire banja, ndipo tsiku limenelo mugule nokha makala ndi ndiwo.

Pogula ndiwo, mukapeza mpata pitani ku msika wa Soweto m'mamawa, kumene alimi ndi amalonda amatsitsira katundu, chifukwa kumeneko mulu wa matimati kapena anyezi ndi wotsika mtengo kuposa pa tuntemba ta m'komboni. Gwirani chikwama chanu bwino chifukwa anthu amakhala othithikana. Mudziwenso kuti maina a ndiwo kuno ambiri ndi a Chibemba. Kholowa amati kalembula, bonongwe amati bondwe, nkhwani amati chibwabwa, chigwada amati katapa, ndiwo zotendera amati ifisashi, ufa amati unga, ndipo makala amati malasha. Chinyanja chanu adzachimva ndithu, koma mukatchula dzina la kwathu wogulitsa ena amadziwiratu kuti ndinu mlendo, ndipo mtengo umayambira pamwamba.

aNaBanda, Katete

Amake Dalitso, mwanena mawu amene ine ndinawasiya, ndipo ndikuvomereza. Pouza mwanayu kuti anyamule ufa sindinatanthauze kuti akadye yekha. Chakudya chikalowa pakhomo pa munthu chimakhala cha pakhomopo.

Bambo Mwale, Lundazi

Ndiloleni ndiikepo mawu pa nyemba, chifukwa palibe amene wazitchula, pamene ife a ku Lundazi timadziwika nazo dziko lonse. Nyemba ndi mphatso yabwino kwa munthu wa m'tauni popeza sizionongeka, koma monga anenera amake Dalitso, moto kumeneko ndi ndalama, ndipo nyemba zouma zimatha makala ambiri. Muziviike m'madzi usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo, muthire ena, ndipo mudzaona kuti zikupsa msanga kwambiri. Mukaphika zambiri tsiku limodzi, muziwiritsenso bwino musanagone ndiponso m'mawa, makamaka ngati firiji sikugwira ntchito. Mukapeza mpunga wa ku Chama, umene a kampani ya COMACO amaugulitsa m'mapaketi ku Chipata komweko pamodzi ndi chiponde chawo, mutengeko pang'ono, chifukwa fungo lake lokha limasangalatsa ana.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi ichi. Ine ndili ndi matenda a shuga, ndipo ndikapita ku Lusaka vuto langa lalikulu silikhala ukhondo koma mtundu wa chakudya. Pakati pa tauni chopezeka msanga ndi tchipisi, nkhuku yokazinga m'mafuta ambiri, mabanzi ndi zakumwa zotsekemera, ndipo munthu wotopa ndi maphunziro amangogula chimene chili pafupi. Masiku awiri palibe kanthu, koma masabata atatu thupi limamva. Ine ndinaphunzira kunyamula nkhomaliro yanga masiku ena. Mbatata yophika ndi chiponde, kapena futali wophika m'mawa womwewo, kapena mpunga ndi nyemba zoikidwa zikadali zotentha kwambiri m'fulasiki ya chakudya, zimafika masana zili bwino. Masiku amene ndadya kunja ndimafunsa ngati ali ndi nsima ya rola, imene imafanana ndi mgaiwa wathu, ndipo ndimapempha kuti andichulukitsire masamba m'malo mwa msuzi. Ophika ambiri a m'misika amavomera mosavuta, chifukwa masamba ndiwo otsika mtengo kwa iwo.

Mphwanu Gift, Mchini

Makolo anga, ndine wamng'ono pagulu lino ndipo ndikupempha mundikhululukire ngati ndalowerera nkhani ya akuluakulu, koma ndikuona kuti tonse tikuwakonzekeretsa amayiwa ngati akupita kunkhondo. Ndinaphunzira ku Lusaka zaka zitatu, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene ndinapindula nazo ndi kudziwa zakudya za anzathu a zigawo zina. Ku Lusaka mungapeze pamsika umodzi kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, nsomba za buka buka za ku nyanja ya Tanganyika, mpunga wa ku Mongu ndi wa ku Nakonde, nyemba za ku Solwezi, ndi finkubala za kumpoto, zimene zimafanana ndi mphalabungu zathu. Kupita kumeneko n'kukadya mfutso wokhawokha masabata atatu kungakhale kutaya mwayi.

Amayi, tsiku limodzi mutenge anzanu a pamaphunziro mupite ku Thornpark, pamalo amene anthu amawatcha Matebeto. Kumeneko amayi amayala ndiwo zamitundumitundu, inu n'kuloza zimene mukufuna, nsomba kapena nyama n'kukuotcherani muli pomwepo. Mtengo wake si wa tsiku ndi tsiku kwa munthu wolandira malipiro ngati athu, koma kamodzi n'kotheka, ndipo mukakhala anthu atatu kapena anayi n'kusonkherana, aliyense amalawa mbale zambiri. Mulawenso chikanda chopangidwa ndi amayi a Chibemba. Ndipo tsiku lomaliza, ngati m'thumba mwatsala kanthu, muwatengere ana a mng'ono wanu ku lesitilanti ya nkhuku yokazinga ya Hungry Lion, chifukwa kwa ana a m'tauni chimenecho ndi chikondwerero chimene adzakumbukire nacho amayi awo aakulu.

aNaBanda, Katete

Mdzukulu wanga Gift, sunalakwe kulankhula, ndipo kulawa za eni ake si tchimo. Chikanda chimene ukunenacho si chachilendo kwa ife, agogo anga ankachitcha chinaka, ndipo ankakumba timizu take kudambo, n'kusinja, n'kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka chitalimba ngati nyama. Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi china. Ndaona atsikana amene anapita kutauni akudziwa kuphika therere ndi chidulo cha phulusa la zitsononkho, n'kubwerako akuti utsi umawapweteka m'maso ndipo ana awo sadya ndiwo zamasamba. Sizichitika tsiku limodzi. Zimayamba ndi kuzolowera kuti njala ikakugwira umatulutsa ndalama m'malo moyatsa moto. Amake Tiyamike ndi munthu wamkulu ndipo sangasinthe m'masabata atatu, koma ana a mng'ono wake akukulira momwemo, ndipo ine ndikanakonda kuti chimene adzakumbukire kwa mayi wawo wamkulu chikhale mbale ya nkhwani zotendera imene anawaphikira ndi manja ake, osati nkhuku ya m'bokosi.

Ndifunsenso chimene palibe wafunsa. Iwe ukapita, pakhomo pako aziphika ndani?

Amake Tiyamike, Kapata

Amayi, funso limeneli landikhudza, chifukwa ndi limene ndinaliopa. Tiyamike ali ndi zaka 15 ndipo nsima amaphika bwino, koma akulemba mayeso a kumapeto kwa chaka, ndipo sindikufuna kuti masabata atatu onse athere pa mbaula. Bambo ake anena kuti azigula chakudya chophikaphika pobwera kuntchito, koma ndikawerengera anthu asanu masiku 21, ndalama imeneyo tilibe.

Bambo Tembo, Down Shops

Mlongo wanga, muwauze bambo a Tiyamike kuti mnzawo wa ku Down Shops akuti agwire mthiko. Ine mayi a kunyumba atadwala miyezi iwiri ndinaphika ndekha, ndipo ana sanagone ndi njala. Amuna ambiri a msinkhu wathu tinaphunzira kuphika tili anyamata, kubusa kapena kusukulu zogonera konko, ndipo tinangosiya titakwatira. Chimene chimativuta si nsima koma ndiwo, chifukwa sitidziwa muyezo wa mchere, wa soda ndi wa nsinjiro. Musananyamuke muwaonetse ndiwo zitatu zokha zosavuta, monga kapenta wokazinga ndi matimati, repu, ndi mazira, ndipo muwasiyire nyemba zosankha kale ndi nsinjiro zoyezeratu m'timapepala ta mphika umodzi umodzi. Mwana aziphika Loweruka ndi Lamlungu pokha. Anyamata anu nawonso atole nkhuni, atsuke mbale, ndipo wamkuluyo aime pafupi ndi bambo ake aone mmene phala limakhwimira lisanathiridwe ufa.

Mayi Zulu, Kalongwezi

Ndikugwirizana ndi abambo Tembo, ndipo ndiwonjeze kuti malangizo a madzi ndi kusamba m'manja muwasiyirenso a pakhomo panu, chifukwa mvula imene ikugwa ku Lusaka ikugwanso kuno. Chakudya chotsala usiku achitenthetse mpaka chitawira asanapatse ana m'mawa.

Amake Tiyamike, Mtendere, Lusaka

Akuluakulu ndi anzanga, ndakhala chete sabata yathunthu chifukwa maphunziro ndi ochuluka, koma ndinalonjeza mumtima kuti ndidzakuuzani mmene zayendera. Ndinanyamula ufa makilogalamu 10, nyemba, nsinjiro, zikwatu zitatu za mfutso, ndi nkhuku imodzi ya kumudzi imene ndinaiwamba bwino usiku wa Loweruka. Pa Nyimba ndinagula nthochi monga munanenera abambo Tembo, ndipo pa Luangwa kunatentha kotero kuti madzi a m'botolo langa anafunda ngati a tiyi.

Nditafika ndinapereka zonse kwa mng'ono wanga mlamu wanga ali pomwepo. Mng'ono wangayo anamasula chikwatu chimodzi, n'kununkhiza, ndipo anakhala kanthawi osalankhula, kenako anati fungo limenelo analimva komaliza amayi athu akadali moyo. Tinalira tonse awiri. Lamlungu lomwelo anandipatsa khitchini, ndipo ndinaphika mfutso wotendera ndi nkhuku ija. Mwana wamkulu ndi wamng'ono anadya bwino, koma wapakati anakana masamba n'kudya nsima ndi msuzi wokha. Sindinamukakamize. Lachitatu ndinaphikanso, ndipo anatapa kawiri m'mbale ya amayi ake.

Za nkhomaliro, masiku atatu ndanyamula mbatata ndi chiponde kapena mpunga ndi nyemba m'fulasiki imene mlamu wanga anandibwereka. Masiku awiri ndadya kwa mayi wina amene amaphika pafupi ndi pamene tikuphunzirira. Ndinachita monga munandiuzira: ndinaona pamene pali mzere, ndinapempha kuona miphika, ndipo anavundukula yonse akuseka. Ali ndi chidebe cha kampopi ndi sopo pakhomo. Atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu, ndipo zinapezeka kuti iye ndi wa ku Petauke, mwakuti tsopano amandisungira delele, limene ndi therere lathu lomwe, ndikamuuza dzulo lake. Ku Thornpark tapangana ndi anzanga atatu kuti tipite Lachisanu la sabata yomaliza, Gift usadandaule. Kunyumba, bambo a Tiyamike akuti nsima ya tsiku loyamba inali ndi mibulu, koma tsopano ana akudya osadandaula, ndipo kapenta akumuphika bwino.

Chatsala n'chakuti pobwerera ndikufuna kugula nsomba zouma pa Luangwa kuti ndikagawireko apongozi anga, koma sindinagulepo pamenepo ndipo basi siima nthawi yaitali. Abambo Tembo, ndizisankha bwanji?

Bambo Tembo, Down Shops

Mukonzeretu ndalama zing'onozing'ono m'manja musanatsike, chifukwa nthawi yodikira chenji simudzakhala nayo, ndipo musagule kwa woyamba amene wakuthamangirani pakhomo la basi, yendani pang'ono kulowera m'kati mwa misasa. Nsomba muitenge m'manja, musangoiyang'ana pamulu. Youma bwino imakhala yopepuka ndi yolimba, ndipo mukaipinda pang'ono siifewa pamimba. Muitembenuze, muyang'ane m'mphuno ndi m'mimba mwake, n'kuigogoda pachikhatho, ndipo ngati pagwa fumbi ngati ufa ndiye kuti tizilombo tayamba kale kuidya m'kati. Fungo likhale la utsi wa nkhuni, osati lowawasa. Za pamwamba pa mulu zimakhala zokongola nthawi zonse, choncho mupemphe kuti akutulutsireni zapansi, ndipo zimene mwasankha muziike nokha m'pepala. Musazitsekere m'pulasitiki, chifukwa zimachita thukuta ndipo pofika ku Katete zidzakhala zitayamba kufewa. Mugule kadengu kamodzi mwa aja amaluka pomwepo, muyale nyuzipepala pansi ndi pamwamba, ndipo mukafika ku Kapata muziyanike padzuwa tsiku limodzi musanapite nazo kwa apongozi.